Musanagule molasesi, tsindirani udzu

Mu Okutobala chaka chatha mayi wina woweta ng'ombe za mkaka ku Machinjiri anandiimbira foni m'mamawa. "Alangizi, tabwerani mudzaone zimene anandigulitsa anthu aja," anatero. Nditafika pakhomopo sindinafunse kumene kunali dzenje la sayileji, fungo ndi limene linanditsogolera. Pamwamba panali poyera ndi nkhungu. Pansi panali chiphalaphala chakuda chonanda m'manja, chonunkha ngati batala wowonongeka. Ng'ombe zawo ziwiri zinangonunkhiza n'kutembenuka.

Mayiwo anali atagula malita 20 a molasesi ndi ndalama ya kubanki mkhonde, ndipo mlandu wonse anauika pa wogulitsa molasesiyo. Ndinawafunsa mmene anagwirira ntchito. Nsenjere anadula mu Malichi, m'mawa mvula itagwa usiku wonse, ndipo inali yaitali kuposa munthu. Anaiduladula ndi chikwanje zidutswa zotalika ngati chikhatho. Dzenje analidzaza kwa masiku asanu chifukwa anyamata awo ankathandiza akaweruka kusukulu. Pomaliza anavundikira ndi pepala lakale la pulasitiki limene linachoka padenga la khola la nkhuku.

Ndinawauza kuti, "Mayi, molasesi wanu analibe vuto. Sayilejiyu anawonongeka tsiku limene munkamukwirira."

Nkhani ngati iyi ndaiona kangapo ku Bangwe, ku Chilomoni ndi kuseri kwa phiri la Ndirande. N'chifukwa chake lero ndikufuna kunena mosabisa maganizo anga: alimi ambiri tikutaya ndalama pa zothira mu sayileji pamene zinthu zimene zimapangitsa sayileji kukhala wabwino sizigulidwa. Zinthuzo ndi kudula udzu pa msinkhu wake, kuufotetsa, kuuduladula bwino, kuutsindira ndi kuutseka tsiku lomwelo. Zothira zili ndi ntchito yake, ndipo ndifotokoza, koma zimathandiza mlimi amene wachita kale mbali yake.

Chimene chimachitika m'dzenje

Aliyense amene anapangapo chambiko akudziwa kale za sayileji. Mkaka umasasa chifukwa cha mabakiteriya amene amadya shuga wa mumkaka n'kutulutsa asidi wa lakitiki. Mkaka ukasasa bwino umakhalitsa kuposa wauwisi, chifukwa tizilombo towoletsa sitikhala m'malo owawasa. Mphale yoviika ndi thobwa logonera zimawawasa pa chifukwa chomwechi.

M'dzenje la sayileji mumachitika zofanana. Mabakiteriya a mtundu umenewu amakhala kale pa masamba a udzu ndi chimanga. Mpweya ukatha m'dzenjemo amayamba kudya shuga wa m'zomera n'kutulutsa asidi. Akatswiri amayeza kuwawasa ndi muyeso wotchedwa pH. Udzu wongodulidwa kumene umakhala pa 6 kapena kuposerapo, ndipo sayileji wabwino amatsika kufika cha pa 4. Akafika pamenepo zonse zimaima, chakudya chimasungika miyezi yambiri, ngakhale kupitirira chaka ngati mpweya sunalowe.

Izi zinadziwika kalekale. Katswiri wa ku Finland, Artturi Virtanen, analandira mphoto ya Nobel mu 1945 atasonyeza kuti chakudya cha ng'ombe chikawawasa msanga kufika pa muyeso umenewu, mapuloteni ake sawonongeka. Iye ankathira asidi wamphamvu wa m'mafakitale, amene sitingamugwire pakhomo pali ana. Koma phunziro lake likugwirabe ntchito kwa ife: mawu ofunika ndi akuti msanga.

M'dzenjemo muli mpikisano. Mbali ina kuli mabakiteriya abwino aja. Mbali inayo kuli nkhungu ndi yisiti zimene zimakonda mpweya, komanso mabakiteriya ochokera m'dothi ndi m'ndowe otchedwa Clostridium, amene amakonda malo onyowa kwambiri. Amenewa ndi amene amatulutsa asidi wonunkha ngati batala wowola n'kuphwanya mapuloteni kukhala amoniya. Amene wayamba kuchuluka m'masiku oyambirira ndi amene amapambana. M'mera mpoyamba. Ntchito ya mlimi ndi kuonetsetsa kuti abwinowo ayambe ndi iwo.

Madzi ndi mdani woyamba

Vuto lalikulu kwa ife kuno ku Blantyre ndi lakuti udzu umachuluka nthawi imene mvula yachulukanso. Nsenjere ya mu Febuluwale ndi Malichi imakhala ndi madzi okwana makilogalamu 80 mpaka 85 pa makilogalamu 100 alionse. Sayileji amafuna madzi atsike kufika pa 65 mpaka 70. Ukakwirira udzu wonyowa, madzi amatsikira pansi atatenga shuga yemwe mabakiteriya abwino akanadya, ndipo asidi amene wapangidwa amasungunuka m'madzi ochulukawo. Pamenepo Clostridium amapeza mpata.

Mankhwala ake ndi dzuwa. Dulani udzu mame atauma, muuyale mopyapyala pamalo oyera, ufote kwa tsiku limodzi. Kukakhala mitambo mungafunike masiku awiri. Amene mudzapange sayileji mu Juni kapena Julayi kuchokera kudimba, chenjerani ndi chiperoni, chifukwa udzu woyalidwa panja masiku otero umangomwa madzi.

Simufunika makina kuti mudziwe ngati udzu wafota mokwanira. Tengani woduladula wodzaza dzanja, mufinye mwamphamvu kwa theka la mphindi. Madzi akadontha pakati pa zala, udzuwo sunafike. Mukatambasula dzanja mpira wa udzuwo n'kumamasuka pang'onopang'ono, dzanja lili lachinyontho koma losadontha, ndiye kuti wafika. Ukangomwazika nthawi yomweyo, mwaumitsa kwambiri, ndipo udzavuta kutsindira.

Msinkhu wodulira nawo ndi nkhani. Alimi ambiri amadikira kuti nsenjere italike kuti dzenje lidzale msanga. Koma nsenjere yopitirira mamita awiri yasanduka bango: shuga ndi mapuloteni zatsika, tsinde lalimba, ndipo silipanikizika. Dulani ikafika cha m'chiuno kapena pachifuwa, pafupifupi mita imodzi, yomwe nthawi ya mvula ndi masabata 6 mpaka 8 chiidulireni. Siyani chitsa chotalika ngati chikhatho kuti musatenge dothi. Ngati ndi chimanga, thyolani chitsononkho pakati muone njere: theka likhale lolimba, theka likadali ndi mkaka.

Mpweya ndi mdani wachiwiri

Udzu ukadulidwa sufa nthawi yomweyo. Umapitiriza kupuma, ndipo popuma umatentha shuga wake womwe. Nthawi yonse imene mpweya uli m'dzenje, chakudya cha mabakiteriya abwino chikupsa. Ndi chifukwa chake dzenje lodzazidwa masiku asanu limatentha ukapisamo dzanja. Sayileji wotero amatuluka wofiirira ngati fodya wochiza, ndipo nthawi zina amanunkhira bwino ndithu moti ng'ombe zimamudya. Koma kutentha kwamanga mapuloteni ake, ng'ombe singawagaye, ndipo mlimi amadabwa kuti chakudya chikutha koma mkaka sukukwera.

Pali zinthu zitatu zothamangitsira mpweya. Choyamba ndi kuduladula. Zidutswa zikhale masentimita 2 kapena 3, kutalika ngati mfundo imodzi ya chala. Zidutswa zazitali zimapingasana n'kusiya mipata, ngati mmene nkhuni zimakhalira pamtolo. Chachiwiri ndi kutsindira. Thirani udzu wochepa, wosapitirira masentimita 15 kukhuthala, kenako pondani paliponse, makamaka m'mbali ndi m'makona, musanathire wina. Mgolo wodzaza madzi kapena mchenga ukamagubuduzidwa pamwamba umathandiza kwambiri. Opondawo asambe mapazi kapena atsuke majombo, asalowe ndi matope a m'khola.

Chachitatu ndi kutseka tsiku lomwelo. Ngati anthu amene muli nawo sangadzaze dzenje lalikulu tsiku limodzi, kumbani maenje awiri aang'ono. Dzazani mpaka udzu utumphuke pamwamba pa nthaka, chifukwa udzatsika. Vundikirani ndi pepala latsopano lakuda lochindikala, m'mbali mwake mulowe pansi, kenako thirani dothi lokhuthala ngati chikhatho ndi theka, mouumba ngati mzere kuti madzi a mvula azitsetsereka. Pepala lobooka ndi chimodzimodzi kusavundikira. Pa zinthu zonse zogula, pepala ndi limene sindilola mlimi kuumirapo.

Tisankhenso bwino malo. Ambiri a ife tili m'mphepete mwa mapiri a Soche, Ndirande, Bangwe ndi Michiru, kumene madzi amathamanga. Tonse tikukumbuka zimene namondwe Freddy anachita mu Malichi 2023. Ngakhale mvula wamba imadzaza dzenje lokumbidwa m'njira ya madzi. Kumbani pamalo okwera, pansi pake papendekere mbali imodzi, ndipo kumtunda kwake mukumbe ngalande yopatutsa madzi.

Nanga zothira zija?

Tsopano tifike pa molasesi. Molasesi ndi shuga, ndipo ntchito yake ndi imodzi: kudyetsa mabakiteriya abwino kuti achuluke msanga. Sapha nkhungu, sachotsa madzi, satulutsa mpweya. M'dzenje losatsindira bwino, molasesi amadyetsa nkhungu ndi yisiti zomwezo zimene tikulimbana nazo.

Pamene molasesi amafunikadi ndi pa nsenjere ndi maudzu ena a kuno kotentha, chifukwa shuga wake ndi wochepa mwachibadwa. Pa makilogalamu 100 a nsenjere yofota, thirani makilogalamu 3 mpaka 5 a molasesi, omwe ndi malita awiri kapena atatu ndi theka. Msungunuleni ndi madzi kuti awazike, lita imodzi ya molasesi ku malita awiri kapena atatu a madzi, ndipo ngati udzu ukadali wonyowerapo chepetsani madziwo. Wazani ndi kheni pa gawo lililonse musanaponde. Kukhuthulira chigubu chonse pamwamba pomaliza ndi kutaya ndalama.

Chimanga chathunthu, chodulidwa ndi zitsononkho zake, sichifuna molasesi. Chili ndi shuga wokwanira. Chimodzimodzi mapira ndi nsonga za nzimbe zikadali zaziwisi. Ndimamva chisoni ndikaona mlimi akuthira molasesi pa chimanga pamene mnzake wa nsenjere akumusowa.

Dziwaninso kuti molasesi wa kuno kummwera amachokera kufakitale ya shuga ya Illovo ku Nchalo, ndipo wambiri amapita kokapanga ethanol ku PressCane m'boma lomwelo la Chikwawa. Nzimbe zimagayidwa kuyambira cha mu Epulo mpaka kumapeto kwa chaka. Miyezi imene ife timapanga sayileji wa nsenjere ndi imene fakitale imakhala itaima. Wofuna molasesi wa mu Malichi aganize za iye chaka chisanathe. Molasesi wosathira madzi amasungika bwino m'chigubu chotseka.

Chothira chimene ndimachikonda kwambiri kwa mlimi wa m'tauni ndi madeya. Amapezeka pachigayo chilichonse ku Ndirande, ku Zingwangwa kapena ku Bangwe. Madeya ouma amamwa madzi otsala mu udzu, amaletsa msuzi wa sayileji kutayikira pansi, ndipo amawonjezera mphamvu m'chakudya. Thirani makilogalamu 5 mpaka 10 pa makilogalamu 100 a udzu. Madeya alibe shuga wofulumira ngati wa molasesi, choncho pa nsenjere zotsatira zabwino zimabwera mukaphatikiza ziwirizi. Koma ngati thumba likulola chimodzi chokha ndipo udzu ndi wonyowa, ine ndingasankhe madeya. Onetsetsani kuti ndi ouma, osanunkha chuku. Poizoni wa chuku wotchedwa aflatoxin safa m'dzenje, ndipo ng'ombe ikamudya amatulukira mumkaka umene ana athu amamwa.

Za yureya ndiyankhule mochenjeza. N'zoona kuti yureya amawonjezera nayitrojeni amene ng'ombe imasandutsa mapuloteni m'mimba mwake, ndipo amagwiritsidwa ntchito pa sayileji wa chimanga pa mlingo wa theka la kilogalamu pa makilogalamu 100. Koma yureya amalimbana ndi kuwawasa kumene tikufuna. Pa nsenjere, yomwe imavutika kale kuwawasa, amangowonjezera vuto. Ndipo akaunjikana malo amodzi chifukwa chosasungunula bwino, amapha ng'ombe m'maola ochepa. Ngati mulibe sikelo ndipo mlangizi sali pomwepo, musiyeni yureya apite kumunda.

Njira yabwino yowonjezera mapuloteni ndi masamba a mbewu za m'gulu la nyemba: lukina, gilisidiya, nandolo, masangwe a mtedza akadali obiriwira. Koma nazonso zili ndi shuga wochepa ndipo zimachedwetsa kuwawasa. Zisapitirire gawo limodzi pa magawo atatu kapena anayi a zonse, zifote kaye, ndipo pamenepa molasesi ndi wofunika ndithu.

Ena amathira mchere. Mchere pang'ono umakometsa chakudya, koma musaudalire kuti usunga sayileji ngati mmene umasungira nsomba. Ena ayamba kufunsa za timapaketi ta mabakiteriya ogulitsa, monga Lactobacillus plantarum amene amafulumizitsa kuwawasa, ndi Lactobacillus buchneri amene amathandiza kuti sayileji asatenthe akatsegulidwa. Amagwira ntchito, ndipo mafamu akuluakulu m'mayiko ambiri amawagwiritsa ntchito. Koma ndi zamoyo, zimafa paketi ikakhala padzuwa kapena ikapitirira nthawi yake, ndipo zikafika m'dzenje zimafunabe shuga ndi malo opanda mpweya. Kugula mabakiteriya n'kuwathira pa udzu wonyowa wosatsindira kuli ngati kulemba aganyu n'kuwatumiza kumunda wopanda makasu.

Wopanda malo achite bwanji?

Ndikudziwa kuti ambiri owerenga tsamba lino alibe malo okumba dzenje. Puloti ya ku Chilomoni kapena ku Zingwangwa ili ndi nyumba, khola, bafa ndi chimbudzi, basi. Ambiri alibenso munda wa nsenjere, amagula mitolo kwa anyamata a njinga amene amamweta m'mphepete mwa Mudi, Nasolo, Naperi ndi Lunzu.

Kwa oterewa njira ndi migolo ya pulasitiki ya malita 200 yokhala ndi chivundikiro chomanga, kapena matumba akuluakulu a pulasitiki wochindikala. Mgolo umodzi wotsindiridwa bwino umalowa makilogalamu pafupifupi 100 mpaka 120. Munthu amalowa m'kati momwemo n'kumaponda. Ubwino wake ndi wakuti umadzaza n'kutsekedwa m'maola awiri, ndipo potsegula umatha m'masiku ochepa usanawonongeke. Mgolo ukhale umene simunasungidwepo mankhwala kapena mafuta a galimoto. Matumba aikeni pamthunzi, pamwamba pa thandala, ndipo muziwayendera chifukwa khoswe mmodzi akhoza kuwononga thumba lonse. Mukaona kabowo, matani ndi tepi tsiku lomwelo.

Udzu wogula uli ndi vuto lake. Umabwera ndi matope, majumbo, nthawi zina ndi zonyansa za m'mitsinje yathu imene tonse tikuidziwa mmene ilili. Usankheni bwino musanaduledule. Dothi ndi limene limabweretsa Clostridium ndi kachilombo kena kotchedwa Listeria, kamene kamachititsa ng'ombe kuzungulira mutu ndi kutaya bere. Khoswe, chule kapena mbalame yakufa ikakwiriridwa pamodzi ndi udzu ikhoza kubweretsa poizoni woumitsa ziwalo amene alibe mankhwala ophweka.

Pali chuma china chimene timachiponda tsiku ndi tsiku. Alimi a m'madimba akathyola chimanga chachiwisi kukagulitsa ku Limbe kapena kumsika wa Ndirande, mapesi amatsala ali obiriwira, ali ndi shuga. Mapesi amenewa akadulidwa tsiku lomwelo kapena lotsatira amapanga sayileji wabwino kuposa nsenjere. Ambiri amangouma m'munda kenako n'kutenthedwa. Gwirizanani ndi eni madimba nthawi ikadalipo, mwina posinthana ndi manyowa a m'khola lanu.

Chimodzimodzi chaka cha chilala. Mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Minda yambiri chimanga chinafota chisanabereke, ndipo chinasiyidwa kuti chiume chiliri. Chimanga chotero chikanadulidwa chikadali chobiriwira chikanadyetsa ng'ombe chilimwe chonse. Kuchikwirira kumachepetsanso mchere wa nayitreti umene umaunjikana m'mapesi a chimanga chovutika ndi dzuwa, umene ndi woopsa ng'ombe ikadya chachiwisi chambiri.

Kutsegula ndi kudyetsa

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Musatsegule masabata atatu asanathe, ndipo ndi bwino kudikira masabata asanu ndi limodzi. Kusuzumira kuti muone ngati zikuyenda ndi kulowetsa mdani. M'masiku oyambirira ana asasewere pafupi, ndipo migolo isakhale m'chipinda chogona anthu, chifukwa sayileji akamawira amatulutsa mpweya woipa.

Sayileji wabwino amaoneka wobiriwira mopita kuchikasu, amanunkhira mowawasa ngati chambiko kapena zipatso zakupsa, sananda, ndipo ukasamba m'manja fungo limachoka. Wonunkha batala wowola kapena mkodzo, wakuda, woterera kapena wankhungu, musapatse ng'ombe, makamaka ya bere. Mutayeni pa mulu wa kompositi.

Tsegulani mbali imodzi yokha, yakumunsi. Tsiku lililonse chotsani gawo lokhuthala ngati chikhatho pankhope yonse, kuchokera pamwamba mpaka pansi, osafukula maenje, kenako bwezerani pepala. Ichi ndi chifukwa china chopangira dzenje lopapatiza: lotambalala kwambiri ng'ombe ziwiri sizingalidye mofulumira kuposa mmene mpweya ukuliwonongera. Yambani ndi pang'ono kwa sabata imodzi kuti mimba izolowere. Dyetsani mukamaliza kukama, ndipo zotsala muzichotse m'chodyera, chifukwa mkaka umakoka fungo. Palibe amene amafuna kubwezedwa ndi chigubu chake kumalo osonkhanitsira mkaka.

Tiwerengere limodzi. Ng'ombe imodzi ya mkaka ikamadya makilogalamu 20 a sayileji patsiku, pamodzi ndi madeya ndi zina, kuyambira Julayi mpaka kumapeto kwa Novembala ndi masiku 150, kutanthauza makilogalamu 3,000. Sayileji wopondedwa bwino ndi mapazi amalemera pafupifupi makilogalamu 500 pa malo a mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi kuya. Ndiye kuti ng'ombe imodzi ikufuna dzenje la mamita atatu m'litali, awiri m'lifupi ndi imodzi kuya, kapena maenje awiri a theka lake. Ngati ndi migolo, ndi yoposa 25, yomwe ndi yambiri kwa munthu mmodzi. Koma ngakhale migolo khumi yokha imakuwolotsani Okutobala ndi Novembala, miyezi imene mtolo wa udzu umakwera mtengo ndipo ng'ombe imaonekera nthiti.

Amene amatsutsa ali ndi mfundo

Alimi ena amandiuza kuti, "Alangizi, zimene mukunenazi ndi ntchito yoposa mphamvu zathu." Sindiwatsutsa. Kuduladula matani atatu a nsenjere ndi chikwanje, zidutswa ngati mfundo ya chala, tsiku limodzi, banja limodzi silingathe. Apa ndi pamene alangizife talakwitsa kwa zaka zambiri. Timaphunzitsa sayileji pa chionetsero, pali anthu makumi atatu ndi udzu wa wilibala ziwiri, zonse n'kutha mu ola limodzi. Mlimi akapita kwawo amakapeza kuti ali yekha ndi chikwanje chimodzi. Akalephera, timati sanamvetse. Ndipo chifukwa pa chionetsero chija chinthu chachilendo chimene anaona chinali chigubu cha molasesi, amaganiza kuti chinsinsi chili m'chigubumo.

Ena amati bwanji osangoumitsa udzu. Udzu wouma ndi wabwino, ndipo amene ali ndi udzu wa Rhodes kapena masangwe aumitse ndithu mvula ikatha. Koma nsenjere ili ndi tsinde lonenepa losauma msanga, ndipo mu Febuluwale simungapeze masiku anayi otsatizana a dzuwa. Podikira Meyi, udzu umakhala utakalamba. Sayileji ndi njira yokhayo yogwirira udzu pa nthawi imene uli ndi chakudya chambiri.

Yankho la vuto la ntchito lili m'magulu athu. Mkaka wambiri wa m'dziko muno umachokera kuno, m'maboma a Blantyre, Thyolo, Chiradzulu ndi Mulanje, kudzera m'magulu a alimi amene ali pansi pa bungwe la Shire Highlands Milk Producers Association. Magulu amenewa amadziwa kale kusonkhanitsa mkaka, kusunga mabuku ndi kudula ndalama pa malipiro a mwezi. Gulu limene limatha kusamala thanki yoziziritsira mkaka silingalephere kusamala makina amodzi oduladula udzu oyendera injini yaing'ono. Pempho langa kwa atsogoleri a magulu ndi ili: pa msonkhano wanu wotsatira, ikani pa ndondomeko zinthu zitatu. Makina oduladula udzu obwereketsa kwa mamembala, mpukutu wa pepala lochindikala wogula pamodzi n'kumadulirana, ndi kalendala ya chipereganyu, kuti lero tonse tili kwa uje, mawa kwa uje, dzenje lililonse lizitsekedwa dzuwa lisanalowe. Mutu umodzi susenza denga. Molasesi abwere pachinayi.

Kwa alangizi anzanga, tisinthe kaphunzitsidwe. Pa chionetsero tidzaze migolo iwiri: wina wa udzu wofota, woduladula bwino ndi wotsindira koma wopanda chothira chilichonse kupatula madeya, wina wa udzu wonyowa wosatsindira koma wothira molasesi wambiri. Tidzaitsegule pamaso pa alimi omwewo pakatha masabata asanu ndi limodzi. Mphuno zawo zidzawaphunzitsa zimene ife talephera kufotokoza ndi pakamwa.

Mayi a ku Machinjiri aja chilimwe chathachi anagula udzu wa pa njinga mpaka mvula itagwa, ndipo mkaka wawo unatsika ndi theka pa nthawi imene ngongole ya molasesi inkafunika kubwezedwa. Sabata yatha ndinadutsa pakhomo pawo. Dzenje lalikulu lija aligawa pakati ndi khoma la njerwa. Agwirizana ndi amayi anzawo anayi a m'gulu lawo kuti azithandizana, ndipo pepala latsopano agula kale, lili pamwamba pa kabati kuopa makoswe. Anandifunsa kuti agule malita angati a molasesi chaka chino. Ndinawauza kuti tiyambe taona nsenjere. Inali itafika m'chiuno, ndipo tinapangana kuti adule Lachinayi kukacha bwino, akwirire Lachisanu.

Nanunso pitani mukaione yanu lero. Ngati yafika m'chiuno, nthawi ndi ino.